Moto wa ku London, Moto wa ku Zomba, ndi Masanje a ku Limbuli

Akuluakulu akale adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ana amaukonda mwambi umenewu chifukwa uli ndi chithunzi choseketsa: nkhalamba ikuthamanga ndevu zili lawilawi, mnzake akuilondola ndi chikho cha madzi. Koma kuti mwana amvetse kuti moto ungathe kudya mudzi wonse, kapena mzinda, kapenanso mbiri ya dziko, mwambi wokha sukwanira. Pamafunika kuti mwanayo anyamule chidebe, athamange, apume wefuwefu, ndipo aone mnzake akulira mwamasewera kuti nyumba yake yapsa.

Alipo agogo m'dera la Limbuli, monganso m'madera ena a Mulanje, amene adzukulu awo akukulira ku England. Agogo oterewa akamacheza ndi adzukuluwo pa lamya amadabwa kumva kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kakutchula chaka cha 1666 mosadodoma, pamodzi ndi dzina la munthu wina wophika buledi ndi la kamsewu kamene ankakhalamo. Kamwanako sikadaloweze zimenezi pabolodi ayi. M'sukulu zambiri za kumeneko ana a zaka 5 mpaka 7 amaphunzira za moto waukulu wa mumzinda wa London pochita kuusewera. Koma wina atafunsa mwana wa Sitandade 8 pa Limbuli ngati likulu la dziko lake lidaonapo moto woti n'kuukumbukira, mwanayo angangoti kukamwa yasa. Mlandu si wake, ndipo si wa aphunzitsi ake. Moto wa kwathu kuno udatentha ndi mboni zake zomwe.

Wa ku London uja udabuka usiku wa Loweruka, kutatsala pang'ono kucha Lamulungu pa 2 Sepitembala 1666, m'nyumba ya Thomas Farriner, wophika buledi wa m'kamsewu kotchedwa Pudding Lane. Chaka chimenecho kudali chilala, ndipo nyumba za mumzindamo, zimene zambiri zidali zamatabwa, zidauma gwa. Zidalinso zothithikana kotero kuti zipinda zam'mwamba za mbali ziwiri za msewu zinkatsala pang'ono kugundana. M'mphepete mwa mtsinje wa Thames mudali nyumba zosungiramo mafuta, phula, malasha, zingwe ndi mowa waukali. Pamwamba pa zonsezi kunkaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mawa. Farriner ndi a m'banja lake adapulumukira pazenera lam'mwamba n'kulowa kwa anansi awo, koma mtsikana wawo wantchito adachita mantha kudutsa pamenepo, ndipo adali munthu woyamba kufa pa ngoziyo. Dzina lake palibe adalilemba.

Masiku amenewo kudalibe magalimoto ozimitsa moto. Zida zidali ndowa zachikopa, nkhwangwa, makwerero, ndi mbedza zazitali zokokera nyumba kuti zigwe. Njira yodziwika yoimitsira moto idali kugwetsa nyumba zimene zili kutsogolo kwake kuti usowe chakudya, monga momwe mlimi wa m'tsinde mwa phiri la Mulanje amalambulira m'mbali mwa nkhokwe mwezi wa Ogasiti. Anthu adadzutsa mfumu ya mzindawo, Sir Thomas Bloodworth, kuti ilamule zimenezi. Iyo idaona motowo, idaupeputsa, idadandaula kuti eni nyumbazo palibe ndipo sizikudziwika kuti adzalipira ndani, kenaka idabwerera kwawo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pofika masana moto udali utakula mwakuti ndowa sizikadachitanso kanthu.

Zambiri zimene zimadziwika za masiku amenewo zimachokera kwa Samuel Pepys, mkulu wina wa mu ofesi yoyang'anira zombo zankhondo, amene adali ndi chizolowezi cholemba zochitika za tsiku lililonse. Iyenso atadzutsidwa ndi wantchito wake usiku uja adasuzumira pazenera, adaona kuti moto uli kutali, nabwerera kukagona. Kutacha ndiye adaona kukula kwake, napita kukauza Mfumu Charles II, imene idamtuma kwa Bloodworth ndi lamulo lakuti nyumba zigwetsedwe. Pepys adalemba za anthu amene ankaponya katundu wawo m'mabwato, za odwala amene ankanyamulidwa ali pamabedi, ndi za nkhunda zimene zinkakana kuchoka pa zisa zawo mpaka zina zidapsa mapiko n'kugwa. Lachiwiri, moto utayandikira kwawo, adakumba dzenje m'munda mwake nakwiriramo vinyo ndi tchizi chake cha mtengo wapatali. Usiku wa Lachiwiri lomwelo tchalitchi chachikulu cha St Paul's chidayaka. Ogulitsa mabuku adali atatutira katundu wawo m'chipinda cha pansi pa tchalitchicho pokhulupirira kuti makoma amiyala adzawateteza. Denga la mtovu lidasungunuka, pansi padabooka, ndipo mabuku onsewo adasanduka phulusa.

Mphepo idaleka, asilikali adaphulitsa nyumba ndi onga kuti atsekere moto njira, ndipo pofika Lachinayi pa 6 Sepitembala ngoziyo idali itatha. Nyumba pafupifupi 13,200 ndi matchalitchi 87 zidapsa. Anthu zikwizikwi adagona panja m'madambo a kunja kwa mzinda. Imfa zimene zidalembedwa zidali zowerengeka chabe, ngakhale akatswiri ambiri a mbiri amakayika ngati amphawi onse amene adafa adawerengedwa. Pambuyo pake padakhazikitsidwa lamulo lakuti nyumba zatsopano zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala, ndipo Christopher Wren adamanganso St Paul's pamodzi ndi matchalitchi ena oposa 50.

Nkhani imeneyi ili ngati idapangidwira ana. Ili ndi poyambira, ili ndi pothera, ndipo yonse ikukwana m'masiku osafika sabata. Ili ndi mfumu, munthu wozengereza, mtsikana wamantha, nkhunda, ndi bambo wamkulu akukwirira chakudya m'dothi. Motero aphunzitsi a ku England amagawira ana maudindo: uyu akhale Farriner, uyu Pepys ndi nthenga yake yolembera, awa akhale opalasa mabwato amene akukweza mtengo poona kuti anthu ali pamavuto, ena aime pamzere kupatsirana ndowa. Sukulu zina zimamangitsa ana tinyumba ta makatoni, n'kutindandalika mothithikana pabwalo, n'kutiyatsa pamaso pa ozimitsa moto, kuti ana aone okha mmene lawi limalumphira. Mu 2016, pokumbukira kuti papita zaka 350, akuluakulu nawonso adasewera sewero lomwelo: adamanga chifanizo chamatabwa cha London wakale, chotalika mamita 120, nachiyatsa chili pamtsinje wa Thames. Chimene mwana amagwira pa zonsezi si manambala ayi. Amagwira tchizi chija. Koma tchizicho chimakoka Pepys, Pepys amakoka mfumu, mfumu imakoka chaka, ndipo mwana amapezeka wasenza mtolo wonse atangogwira luzi lake.

Tsono nkhani ibwerere kuno. Mwezi wa Febuluwale 1919, ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba, imene Azungu ankaitcha Secretariat, idapsa. Zomba ya nthawi imeneyo sidali London. Idali tauni yaing'ono ya m'tsinde mwa phiri, imene Harry Johnston adaisankha kukhala likulu mu 1891 ndipo idakhala likulu mpaka 1975. Moto wake sudasese misewu, sudathamangitse anthu zikwizikwi. Udadya nyumba ya maofesi. Koma m'nyumbamo ndimo mudali makalata ndi zolembedwa za boma kuyambira 1891, ndipo pafupifupi zonse zidapita. Monga moto wa ku London udabwera chaka chimodzi pambuyo pa mliri wa 1665, wa ku Zomba udapeza dziko lili kale pamaliro. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene okalamba ankaitcha ya Chiwaya, idali itangotha mu Novembala 1918, amtengatenga ankabwerera m'midzi ali mafupa okhaokha, ndipo chimfine choopsa cha fuluwenza chinkapulula anthu. Munthu amene akuika m'manda ana ake sangalire mapepala a Azungu. N'zomveka ndithu kuti m'midzi nkhaniyo sidatchuke.

Komabe munthu wa ku Mulanje akawerenga zaka zimenezo, 1891 mpaka 1919, ayenera kuima pang'ono. Ndi zaka zimene asilikali a Johnston adamenyana ndi mafumu a Chiyao a m'mbali mwa phiri, monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri. Ndi zaka zimene adamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson. Henry Brown adabzala tiyi ku Lauderdale mu 1891, malo aakulu adalembedwa m'maina a Azungu, msonkho wa nyumba udayamba, ndipo thangata idazika mizu. Ndi zaka zomwezo zimene mabanja a Alhomwe ankaoloka Ruo ndi Muloza pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzakhala pa minda ya Azungu posinthana ndi thukuta lawo. Anthu ambiri amene lero amagula ndi kugulitsa pamsika wa Limbuli ndi zidzukulu za oolokawo. Ndi zaka zomwezonso zimene M'busa John Chilembwe adaukira boma pa 23 Januwale 1915, naphedwa pa 3 Febuluwale ndi apolisi akuthawira cha kumalire a Mozambique, mtembo wake n'kutengeredwa ku boma la Mulanje kumene udaikidwa mobisa. Zimene mabwana a m'maboma ankalembera likulu pa zonsezi zinkasonkhana m'nyumba imene idapsa ija.

Si zonse zidatayika. Makalata amene bwanamkubwa ankatumiza ku London adasungika kumeneko, mabuku ena adatsala m'maboma ndi ku mishoni, ndipo umboni umene anthu adapereka ku bungwe lofufuza za kuukira kwa Chilembwe udapulumuka, mwakuti John McCracken adausindikiza mu 2015. Koma zopita ku London zidali zimene bwanamkubwa adafuna kuti akuluakulu ake aone. Timakalata ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku, momwe dandaulo la mfumu kapena dzina la mudzi watsopano likadaonekera, ndi timene timatsalira m'kabati, ndipo kabati ndiyo idapsa. Madzi akatayika saoleka. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino idatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947, patapita zaka 28, ndipo aliyense wofufuza mbiri ya zaka zoyambirira za utsamunda amafika pa mpata umenewu ngati munthu wofika pa mlatho wokokoloka.

Zimene zidathandiza kuoloka mpatawo ndi pakamwa pa anthu. George Simeon Mwase ali m'ndende ya Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 adakhala ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe, namva kwa iye zimene zidachitika, nazilemba. Zolembazo zidasindikizidwa mu 1967. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Melvin Page ndi ophunzira ake a ku Chancellor College adayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zidamenya nkhondo ya Chiwaya kapena kusenza katundu wake, ndipo mawu awo adakhala buku. Akadachedwa ndi zaka khumi akadapeza manda okhaokha. Palinso chitsanzo china cha ku Zomba komweko. Mu Disembala 1946 chimvula chidagumula phiri, madzi ndi miyala zidasesa milatho ndi nyumba, anthu adafa. Ngozi imeneyo mwana aliyense amaidziwa dzina, chifukwa Napolo adaimbidwa nyimbo ndipo nyimboyo idaviniwa. Moto wa 1919 palibe adauimba, palibe adauvina. Chimene chalowa m'miyendo ndi m'kamwa mwa ana chimakhala. Chimene chili papepala limodzi lokha chimadikira machesi.

Apa ndi pamene masanje akulowera. Kusewera zochitika si nzeru yobwera ndi sitima ya pamadzi. Kale anthu akatha kukolola, ana ankapita kumphepete kwa mudzi kukamanga tinyumba ta mapesi ndi udzu. Ankakunkha chimanga ndi nyemba zotsalira m'minda, atsikana n'kusinja ndi kuphika m'timiphika, anyamata n'kupita kosaka mbewa ndi ziwala. Pamasanje pankakhala bambo, mayi, ana, mfumu yoweruza milandu, ndi fisi wobwera kudzaba chakudya, amene mudzi wonse unkamuthamangitsa ndi mfuu. Palibe wamkulu ankaima ndi ndodo kunena kuti lero tiphunzira za ukwati kapena za bwalo la milandu. Komabe mwana wochoka pamasanje ankadziwa kugawa ndiwo, kulandira mlendo, ndi kuyankhula pamaso pa mfumu. Akuluakulu ankangoyang'ana chapatali, n'kumaona amene adzakhale waulesi ndi amene adzasunge mudzi. Mphunzitsi wa ku Limbuli amene angafune kuphunzitsa za moto wa ku Zomba safunika kubwereka chilichonse kunja. Angoyenera kubwezera masanje pabwalo la sukulu.

Ndipo njira imeneyi imayenerana ndi sukulu za kuno kuposa mmene ambiri amaganizira. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 si chachilendo, ndipo mabuku sakwanira. Koma sewero la moto limafuna khamu. Ana makumi awiri agwirane manja kukhala makoma a ofesi. Ena akhale makalaliki ndi amesenjala, mmodzi akhale bwanamkubwa, ndipo udindo umenewu usapite kwa mwana amene amalamulira kale anzake. Ena aime pamzere wautali kuchokera pa mjigo wongoyerekeza, kupatsirana zidebe zopanda madzi. Ana khumi, atagwira nsanza zofiira kapena masamba ouma a nthochi, akhale moto, ndipo ena asanu akhale mphepo yowakankha. Ana a kuno mphepo amaidziwa. Amadziwanso koloboyi woiwalika pafupi ndi chitenje, mbaula yosiyidwa m'nyumba usiku wa chiperoni, ndi petulo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza.

Koma mtima wa seweroli suli pa kuthamanga. Lisanayambe, mwana aliyense apatsidwe kapepala. Wa Sitandade 1 ajambulepo chinthu cha kwawo, wa Sitandade 3 alembepo dzina la agogo ake ndi mudzi umene adachokera. Theka la anawo auzidwe kuti anong'oneze mnzawo mmodzi zimene alemba. Theka linalo lisauze munthu. Timapepala tonse tiperekedwe kwa makalaliki, tiikidwe m'katoni pakati pa ofesi. Kenaka moto ubwere, ozima ayesetse, alephere, ndipo mphunzitsi abise katoniyo. Fumbi likatsika, bwanamkubwa akhale pampando, eni mapepala akhale chete monga anthu amene adapita kale, ndipo funso liperekedwe kwa otsala: pa pepala la uje padali chiyani? Pa ana amene adanong'oneza mnzawo, yankho lidzapezeka, mwina lopotoka pang'ono, dzina la mudzi litasintha chilembo, mbuzi itasanduka nkhosa. Pa enawo padzangoti zii. Mphunzitsi wanzeru asafulumire kudzaza bata limenelo ndi mawu. Alisiye likhale kwa kamphindi, chifukwa bata lomwelo ndilo limene ofufuza mbiri amalipeza ku Zomba.

Ndipo kupotoka kuja nakonso n'phunziro. Ana okulirapo adzaona okha kuti pakamwa pamasunga koma pamasintha, pamene pepala silisintha koma limapsa. Adzafunsa kuti nanga bwanji osachita zonse ziwiri. Funso limenelo likachokera kwa mwana limaposa ndime khumi zolembedwa pabolodi.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Choyamba n'chapafupi: moto weniweni usayatsidwe. Sukulu za ku England zimene zimayatsa makatoni zimatero galimoto yozimitsa moto ili chiimire pambali. Ku Limbuli, mwezi wa Okutobala, udzu uli gwa ndipo madenga ena ali audzu, kuchita zimenezo n'kuitana tsoka, ndipo ana akaona aphunzitsi akuyatsa adzakayesa okha kuseri kwa khola. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Mphunzitsi akumbukirenso kuti m'kalasimo mungakhale mwana amene nyumba ya kwawo idapsadi, kapena amene adathawa usiku pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri a Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Mwana wotero asakakamizidwe kusewera wothawa. Apatsidwe chidebe, akhale wozima.

Chachiwiri n'chozama, ndipo mbiri ya London yomwe ndiyo ikuchiphunzitsa. Moto uli mkati, mphekesera zidafala kuti adauyatsa ndi alendo, Afalansa ndi Adatchi, popeza England idali pankhondo ndi maiko awo. Alendo adamenyedwa m'misewu. Pambuyo pake mnyamata wina wa ku France, Robert Hubert, amene zikuoneka kuti mutu wake sunkayenda bwino, adavomera kuti ndiye adaponya moto pazenera la nyumba ya Farriner. Nkhani yake inkasinthasintha, ndipo ngakhale ena mwa oweruza sadaikhulupirire. Komabe adamupachika mu Okutobala 1666, ndipo Farriner mwiniwake adali mmodzi wa osaina chikalata chomuimba mlandu. Pambuyo pake mkulu wa sitima imene Hubert adakwera adachitira umboni kuti mnyamatayo adatsika mu London patapita masiku awiri moto utayamba kale. Pa chipilala chokumbukira motowo, chimene chidatha kumangidwa mu 1677, adaonjezerapo mu 1681 mawu oloza chala Akatolika, ndipo mawuwo adafufutidwa kotheratu mu 1830. Bodza lidakhala pamwala zaka pafupifupi 150.

Ana akamasewera amafuna fisi, monga pamasanje paja. Akangouzidwa kuti ofesi yapsa, funso lawo loyamba lidzakhala lakuti wayatsa ndani, ndipo maso onse adzatembenukira kwa mwana wosiyana ndi anzake: wobwera kumene, wolankhula Chichewa chosakanikira Chipwitikizi, wachialubino, kapena wosauka kuposa onse. Limbuli ndi msika wa m'malire. Njinga zodzaza chimanga ndi nandolo zimachokera ku Milange, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri za mtsinje. Pamalo otere chizolowezi choloza mlendo chala pakagwa tsoka n'choopsa kuposa moto. Choncho sewero la ku Zomba lisakhale ndi woyatsa. Liyambire pa utsi. Ndipo ngati anawo ndi a Sitandade 5 kapena kuposa, nkhani ya Hubert iseweredwe payokha ngati mlandu wa pabwalo la mfumu, mboni ya sitima ija ifike mochedwa, anawo aone mmene zimawawira kuzindikira choona munthu atapita kale. Aphunzitsi ena amaidumpha mbali imeneyi poganiza kuti njolemera kwa ana. Koma ana a kumudzi amaona milandu ya ufiti ndi ya kuba ikuweruzidwa ndi khamu, ndipo si bwino kuti aziiona kumsika kokha popanda wamkulu wowathandiza kuiganizira.

Wina anganene kuti 1919 ndi kale, masiku ano zinthu zili m'makompyuta. Koma mu Julaye 2014 nyumba yosungiramo katundu wa bungwe loyendetsa zisankho idapsa ku Lilongwe pamodzi ndi mapepala ovotera, ndipo pa 18 Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa m'bandakucha, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa monga adachitira a pansi pa St Paul's. Misika ya m'mizinda ya dziko lino nayo yakhala ikupsa kawirikawiri, ndipo pamodzi ndi katundu pamapsanso makope a ngongole ndi a banki m'khonde. M'nyumba zambiri za ku Limbuli, satifiketi ya sukulu, khadi la kusikelo, kalata ya ubatizo ndi chithunzi chokhacho cha malemu agogo zimakhala m'chikwama chimodzi, pansi pa bedi limodzi.

N'chifukwa chake seweroli siliyenera kuthera pabwalo. Tsiku lomwelo ana atumidwe kwawo ndi mafunso atatu oti akafunse wamkulu woposa onse pakhomo: kodi makolo athu adachokera kuti, adafika kuno ndi yani, ndipo adapeza chiyani? Amene adaona 1919 ndi maso kulibenso. Koma alipo okalamba amene adamva kwa agogo awo za kuoloka Ruo usiku ndi mwana kumsana, za tikiti ya thangata, ndi za mmene phiri la Namuli linkatchulidwira pa nsembe. Aliponso ambiri, a zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi chabe, amene adaona ndi maso awo anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique akudzaza Muloza kuyambira m'ma 1986 mpaka mtendere utabwera mu 1992, ndipo zimenezonso zayamba kuzilala. Ana ena adzabwerako ndi dzina limodzi lokha. Ena adzabwerako ndi nkhani yaitali yosakanikira Chilhomwe chimene iwo eni sakuchimva bwino, ndipo padzafunika kuitana gogo mmodzi kusukulu kuti adzamasulire.

Mawa lake katoni yobisidwa ija itulutsidwe, ana alandirenso timapepala tawo, ndipo auzidwe mosabisa kuti ya ku Zomba sidabwerenso. Kenaka zimene abwera nazo kwawo azinene mokweza pamaso pa anzawo, mmodzimmodzi, ndipo ana a makalasi apamwamba azilembe m'makope awiri. Kope limodzi likhale mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Linalo linyamulidwe ndi ana omwewo, pamzere, kupita nalo kwa nyakwawa kapena ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kulikonse kumene denga lake silikugundana ndi la sukulu.